Kupalasa njinga m'tinjira ta m'mapiri a Blantyre osagwa chamutu

Munthu amene wakhala akupalasa njinga kuyambira ali mwana amadabwa tsiku loyamba limene walowa kanjira ka m'phiri. Pamsewu wa phula ndi katswiri, amatha kupalasa manja atapinda pachifuwa. Koma mumpatse kanjira kodutsa munthu mmodzi, kotsetsereka, kamiyala ndi mizu, mphindi khumi sizikwana ali gada pansi, chigongono chasupuka, njinga ili pamwamba pake. Chimamugwetsa ndi chizolowezi cha pamsewu: kukhazikika pachishalo, kuyang'ana tayala lakutsogolo, ndi kufinya buleki ndi dzanja lonse mtima ukangoti myu. Kuno ku Blantyre tili pakati pa mapiri, Michiru uko, Ndirande apa, Soche, Mpingwe ndi Bangwe kutsidyako, ndipo tinjira totere tili paliponse. Nawa malangizo a momwe mungatilowere n'kubwerako khungu lili lonse.

Zoyenera kukhala nazo

- Njinga ya m'mapiri yamagiya, yamatayala okhuthala a mano, mainchesi 2.1 mpaka 2.4 m'lifupi. Yapakaunjika ili bwino bola felemu isakhale yothetheka kapena yowotcherera.
- Helemeti yokukwanani, yomanga pansi pa chibwano. Yomwe inamenyekapo kale pangozi itayeni ngakhale ikuoneka yabwino kunja.
- Chubu chapadera cha saizi ya tayala lanu, mapachi, guluu wake, ndi kansandipepa.
- Mpope waung'ono wokwana pavavu ya chubu chanu.
- Tizitsulo kapena timapulasitiki tiwiri tovulira tayala.
- Ma alenikiyi (tizitsulo tomangira ndi kumasulira mabawuti a njinga) a saizi 4, 5 ndi 6, kasipanala, ndi kachitsulo kodulira tcheni pamodzi ndi kolumikizira kake.
- Madzi osachepera malita awiri ngati mukayenda maola awiri kapena atatu, ndi paketi ya Thanzi ORS.
- Kamba: nthochi, mtedza wokazinga, mbatata yootcha.
- Magolovesi, nsapato zotseka zapansi polimba, bandeji ndi mankhwala otsukira bala.
- Foni yodzaza moto yokhala ndi mayunitsi, ndi ndalama pang'ono.

Pa chubu ndiimepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagonera kuthengo. Matayala a njinga zimenezi ali mitundu itatu potengera kukula kwa gudumu: mainchesi 26, 27.5 ndi 29. Chubu cha 26 mumachipeza mosavuta mumsika wa Limbe ngakhalenso kwa okonza njinga a m'mbali mwa msewu. Cha 29 muzungulira nacho tauni. Werengani nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala lanu, mugule ziwiri zikapezeka. Yang'ananinso vavu. Ilipo yonenepa ngati ya galimoto, yotchedwa Schrader, ndi ina yowonda yokhala ndi kanati kumutu, yotchedwa Presta. 

Musanatuluke pageti

1. Iyeseni njinga ndi manja. Inyamuleni pang'ono n'kuigwetsa pansi, mumve ngati china chikulira gwedegwede. Gwirani tayala lililonse muligwedeze cham'mbali. Finyani buleki yakutsogolo n'kukankha njinga kutsogolo ndi kumbuyo; mukamva kugogoda pakhosi pa mahandulo, mangani musananyamuke. Kachitsulo kotsekera tayala pafoloko katsekeke mpaka kakusiyireni chidindo pachikhatho.

Chenjezo: dziwani dzanja limene likugwira buleki yakutsogolo. Njinga zimene tinakulira nazo, monga za ku Britain, yakutsogolo imakhala kumanja. Zambiri zochokera ku America ndi maiko ena a ku Ulaya imakhala kumanzere. Pakaunjika zonsezi zimabwera mosakanikirana. Mukabwereka njinga ya mnzanu, finyani kaye muli chiimire muone tayala limene laima.

2. Chepetsani mpweya. Wakabaza amapopa tayala mpaka kulimba ngati mwala chifukwa amanyamula katundu pamsewu wosalala. M'phiri tayala lotere limangodumphadumpha pamiyala, siligwira nthaka. Munthu wa makilo 70 wokhala ndi chubu ayambire pa 28 mpaka 30 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala) kumbuyo, kutsogolo kucheperako pang'ono. Wopanda choyezera akanikize ndi chala chachikulu: tayala lilowe pang'ono ngati bwemba losapsetsa, osati kuphwanyika ngati papaya.

Chenjezo: mukachepetsa mopitirira, mwala umapanikiza chubu palimu n'kuchiboola timabowo tiwiri toyandikana, ngati chalumidwa ndi njoka. Mukaona mabowo otere, dziwani kuti si minga, mpweya unachepa.

3. Ikani chishalo pamlingo. Khalani pachishalo, ikani chidendene papedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke. Umenewo ndiwo mlingo wokwerera chitunda. Lembani chizindikiro pachitsulo cha chishalo ndi peni, chifukwa pamtsetse mudzachitsitsa.

Kusankha kolowera ndi nthawi yake

4. Yambani ndi m'munsi mwa phiri, osati pamwamba. Blantyre payokha ili kale pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho mumayamba kupuma wefuwefu msanga kuposa momwe mukuganizira. Kwa woyamba kumene, mbali ya Michiru yolowera ku Chilomoni ndi yabwino: kuli misewu yafumbi yoti muzolowerepo, kenaka tinjira tolowa m'midzi ndi m'mphepete mwa nkhalango. Michiru ndi malo otetezedwa, ali ndi alonda a boma oona za nyama zakutchire. Mukafuna kulowa m'nkhalango mwenimwenimo fikani kaye pa ofesi yawo, mufunse njira zimene njinga ikuloledwa, mulipire zoyenera. Mmenemo muli anyani, ndipo afisi aliponso.

Ndirande ndi Soche ndi mapiri otsetsereka kwambiri, mitengo inatha, ndipo madzi a mvula anakumba zigwembe zakuya m'tinjira tambiri. Asungireni mtsogolo, ndipo musapiteko nokha. Njinga yonyezimira ndi foni yam'manja pamalo opanda anthu zimaitana maso. Khalani atatu kapena kuposa, mmodzi akhale wodziwa deralo. Uzani wina kunyumba kumene mwalowera ndi nthawi yobwerera.

5. Werengani nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndiyo nthawi yokoma: kwazizira, nthaka yauma koma sinasanduke fumbi. M'miyezi ya Juni ndi Julaye chiperoni chikhoza kukutsekerani m'phiri, nkhungu ndi mvula yowaza, miyala n'kuyamba kuterera, tengani kajekete. Okutobala nyamukani dzuwa lisanatuluke, pofika 9 koloko mukhale mukubwerera. Dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, dothi lakatondo limamatirira kumatayala mpaka gudumu kukana kuzungulira, ndipo mukaumirira mumathyola kachitsulo kogwira giya yakumbuyo. Mvula ikagwa usiku, dikirani tsiku lathunthu ladzuwa.

Kuno mdima sumachedwa. Mwezi wa Juni pofika hafu pasiti faifi madzulo dzuwa lalowa, ndipo kuseri kwa phiri kumada kale nthawi imeneyo isanakwane.

Muli pakanjira

6. Imirirani pamapedulo. Iyi ndiyo mfundo imene ikagwira, zina zonse zimaphweka. Pamalo alionse otsetsereka kapena amiyala, chokani pachishalo. Mapedulo akhale molingana, ina kutsogolo ina kumbuyo, osati ina pansi ina m'mwamba. Mawondo apindike pang'ono ndipo atalikirane ndi felemu, zigongono zitambasukire kunja, chifuwa chitsike, zidendene zigwere pansi pang'ono. Kulemera kwanu konse kukhale kumapazi, manja angogwira mopepuka ngati mwagwira mwanapiye. Njinga ivine pansi panu, inu mutu uli phee.

Yesani izi pabwalo la sukulu kapena la mpira musanapite kuphiri. Dutsani pamwamba pa njerwa kapena nthambi mutakhala, kenaka mudutsenso mutaimirira. Msana wanu ndiwo udzakuuzeni kusiyana kwake.

Chenjezo: pedulo ikakhala pansi imakodwa pachitsa. Tinjira tathu tadzaza zitsa za mitengo imene inapita ku makala, zina zobisika muudzu. Chitsa chikagwira pedulo njinga imaima pompo, inu ulendo nkumapitirira.

7. Yang'anani kumene mukufuna kupita. Njinga imatsata maso. Mukayang'anitsitsa mwala umene mukuuopa, mukaugunda ndithu. Kwezani chibwano, maso akhale mamita asanu kapena khumi kutsogolo, mukuwerenga mpata wodutsa. Mwala mwauona kale, usiyeni, yang'anani danga la pambali pake. Pakanjira koyenda m'mphepete mwa khwawa, maso akhale panjira, osati kuphompho.

8. Gwirani buleki ndi chala chimodzi kapena ziwiri. Mabuleki a disiki chala chamkombaphala chokha chikwana. A labala ogwira limu afuna ziwiri. Zala zotsalazo zigwire handulo. Finyani mabuleki onse awiri pamodzi, pang'onopang'ono, ngati mukufinya ndimu kuti njere zisagwere mu tiyi.

Ambiri akagwapo kamodzi amalumbira kuti buleki yakutsogolo sadzaikhudzanso. Kulakwa kwina kumeneko. Mphamvu yambiri yoimitsa njinga ili kutsogolo. Yakumbuyo yokha pamtsetse imangokhwekhwereza tayala, njinga n'kumathamangabe kwinaku ikupotoka. Chogwetsa munthu chamutu ndi kufinya mwadzidzidzi thupi lili kutsogolo manja atawongoka. Pofinya, kankhirani matako kumbuyo, tsitsani zidendene. Ndipo finyani pamalo olimba, musanafike pamchenga, pamizu yonyowa kapena pansangalabwi. Mukalowa pamalo oterera, masulani buleki tayala lizungulire, mukafinyenso kutsidya.

9. Pamtsetse waukulu tsitsani chishalo. Imani, masulani, tsitsani ndi zala zinayi kapena zisanu. Zimatenga theka la mphindi. Chishalo chokwera chimakukankhani m'matako pamene njinga yaweramira pansi. Chikatsika, thupi limapeza malo oyendera. Koma musachite kukhala pamwamba pa tayala lakumbuyo manja atawongoka. Mukatero lakutsogolo limapepuka ndipo simungakhote. Chibwano chikhale cha pamwamba pa mahandulo, chiuno chibwerere m'mbuyo molingana ndi kutsetsereka kwa malowo.

Malo amene akukuopsani, tsikani mukaone kaye wapansi. Ine pali potsetsereka pena kuseri kwa Chilomoni pamene ndinakankha njinga maulendo anayi ndisanayerekeze kupakwera, ana akundiseka. Tsiku limene ndinapatsika ndinapeza kuti sipanali povuta. Chinkandivuta ndi mwala umodzi umene maso anga sankauchoka.

10. Pokhota, chepetsani liwiro musanalowe. Mukalowa, masulani mabuleki, tembenuzani mutu ndi mapewa muyang'ane kotulukira. Pendeketsani njinga, thupi likhale chiimire. Pamalo afulati ikani pedulo yakunja pansi muipondereze: pokhotera kumanzere, phazi lamanja pansi. Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala m'makona mumadzaza fumbi ndi timiyala tosagwira, ndipo buleki yakutsogolo m'kati mwa kona yotere imakugonekani pansi musanadziwe chachitika.

11. Pachitunda sinthani giya msanga. Sinthani mukuona chitunda chikubwera, miyendo ikadali yopepuka. Mukadikira mpaka mwalemedwa n'kusintha mukuponda ndi mphamvu zonse, mumva khwatya, tcheni chaduka kapena chagwa. Khalani pachishalo, sunthirani kunsonga kwake, chifuwa chiweramire kumahandulo kuti tayala lakutsogolo lisanyamuke. Mukaimirira padothi losagwira, lakumbuyo limangozungulira pamalo amodzi. Palasani mofatsa, wothamangira chitunda cha Michiru m'mphindi zoyamba amakachimaliza akukankha.

Mwaima pakati pa chitunda? Musalimbane n'kuyamba mutalozetsa njinga kumwamba. Ipingasitseni pang'ono, gwirani mabuleki, ikani pedulo yamphamvu m'mwamba, khalani pachishalo, ndiye muponde mukumasula.

12. Mizu, miyala, ngalande ndi maulalo. Muzu udutseni mopingasa, osati mwachammbali, makamaka ukanyowa. Pangalande yaing'ono, kanikizani njinga pansi kenaka mubweze thupi m'mbuyo kuti tayala lakutsogolo lipepuke. Musakoke ndi manja okha. Pamchenga wa m'khwawa sankhani giya yopepuka, musakhote, musafinye. Ulalo wa mitengo yoyalidwa motsata njira umameza tayala m'mipata yake. Tsikani, wolokani wapansi.

Kanjirako kali ndi eni ake

13. Tinjira ta kuno sitinalambulidwe kuti tizisewererapo njinga. Ndi njira zopita kumunda, kuchitsime, kusukulu, kutchalitchi ndi kumaliro. Pokhota paliponse pakhoza kutuluka mayi atasenza mtolo wa nkhuni wotalika kuposa njinga yanu, mwana ali kumbuyo. Mayi ameneyo sangatembenuke msanga, ndipo akatembenuka nkhunizo zikupezani kumaso. Chepetsani liwiro mukadali patali, nenani kuti "Zikomo amayi, tidutse nawo," mudikire apatuke okha. Akuluakulu apatseni moni, "Mwadzuka bwanji bambo," osati kungoliza belu ngati muli pa Highway. Wokankha njinga yamatumba a makala pamtsetse alibe buleki yoti angaimire inu, mupatukireni ndinu.

Musadule m'munda mwa munthu ngakhale mwakololedwa, mizere ija ndi thukuta la mwini. Mukaona kankhalango kowirira pakati pa minda yopanda mitengo, kawirikawiri ndi manda, musalowemo. Mukakumana ndi maliro tsikani panjinga, vulani helemeti, mudutse wapansi kapena muime. Mbuzi ikakhala mbali imodzi ya njira mwana wake mbali inayo, dziwani kuti kamwanako kadumpha pamaso panu. Galu musapikisane naye pachitunda: tsikani, njinga ikhale pakati pa inu ndi iye, muitane eni nyumba.

Zikavuta

14. Tayala likaphwa, sinthani chubu, zomata mukachitire kunyumba. Musanaike chatsopano, yendetsani chala mosamala m'kati mwa tayala monse kufunafuna munga. Woiwala izi amaboola chubu chachiwiri pasanathe mamita zana. Popani pang'ono chubu musanachilowetse kuti chisapanike, ndipo mbali yomaliza ya tayala ibwezeni ndi manja, osati ndi sipanala. Tcheni chikaduka, chotsani mfundo yowonongekayo, lumikizani, ndipo pobwerera pewani magiya aakulu chifukwa chafupika.

15. Mukagwa musadzuke mothamanga ndi manyazi. Khalani kaye, pumani, gwedezani zala, mapewa ndi khosi. Tsukani bala ndi madzi akumwa mpaka dothi lichoke. Amene wamenyetsa mutu n'kukomoka, kusanza, kapena kumafunsa funso limodzimodzi mobwerezabwereza asakwerenso njinga; apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo kuno chachikulu ndi Queen Elizabeth Central Hospital. Wodandaula khosi kapena msana musamunyamule mwachisawawa. Yang'ananinso njinga musanapitirire: mahandulo apotoka? Mabuleki akugwira?

M'chilimwe samalani ndi chitedze chimene chimalendewera m'mbali mwa tinjira ta m'makwawa. Chikakukhudzani musakande, mumangochilowetsa. Malaya a manja aatali amathandiza. Mphiri imakonda kugona panjira ndipo sithawa. Ikakhala kutsogolo, imani patali muilambalale.

Zolakwika zimene timaziona kawirikawiri

Kutsatira mnzanu wodziwa pafupi kwambiri kumbuyo, tayala ndi tayala, ndiko kofala kwambiri. Simuona njira, mumangoona msana wake, ndipo iye akafinya inu mwamukwera. Siyani mpata wa njinga zinayi kapena zisanu.

Kuthira oilo wakuda wa galimoto patcheni. Amakoka fumbi n'kusanduka phala lodya mano a magiya. Pukutani tcheni, donthezani mafuta opepuka, pukutaninso. Ndipo mafuta asayandikire disiki ya buleki. Akangofikapo buleki imalira ngati nkhumba koma osagwira.

Kutsuka njinga ndi mpope wamphamvu wa kotsukira magalimoto. Madzi amalowa m'mabelingi n'kutulutsa girizi. Ndowa, sopo ndi burashi zakwana.

Kupachika helemeti pahandulo pokwera chitunda chifukwa cha kutentha, n'kuiwala kuivala potsika. Kuvala mapatapata. Kumangirira jekete m'chiuno mkono wake n'kukalowa m'masipoko.

Kudikira ludzu kuti mumwe madzi. Imwani pang'onopang'ono mphindi 15 kapena 20 zilizonse, ndipo idyani kanthu ola likatha. Ngozi zambiri zimachitika pobwerera, miyendo italema, m'mimba mulibe kanthu, munthu akuganiza za nsima.

Kusayang'ana mabuleki mukabwerako. Mtsetse umodzi wamatope ukhoza kudya malabala amene pamsewu akanatha chaka. Mizere ya palabala ikafufutika, kapena chogwira disiki chikatsala chopyapyala ngati chikhadabo, sinthani musanapitenso kuphiri.